Tomato wa kuseri kwa nyumba akavuta: yang'anani kaye musanapopere

Chaka ndi chaka nkhani yake ndi yomweyo. Munthu akagula kamulu ka tomato pa Lizulu mwezi wa Febuluwale n'kuona mmene ndalama yapitira, amalumbira kuti ulendo uno abzala wake kuseri kwa nyumba. Amakumba mabedi awiri pafupi ndi bafa, mbande zimagwira, maluwa amatuluka, ana n'kuyamba kale kuwerenga zipatso. Kenako tsiku lina m'mawa masamba onse ali bii ngati wina wawathira madzi owira. Apo ndiye amapalasa njinga kupita kogulitsa zipangizo za ulimi n'kukanena kuti, "Mundipatseko mankhwala a tomato," ngati kuti tomato amadwala nthenda imodzi.

Ine ndili ndi kadimba kuseri kwa nyumba kuno ku Dedza, ndipo anzanga oyandikana nawo akhala akundiitana kukaona tomato wawo mpaka ndazindikira kuti mavuto ake si ambiri, amangobwerezabwereza. Ndalama zimathera pa mankhwala olakwika. Wina amapopera a mbozi pamene vuto ndi chiwawu, wina a chiwawu pamene nthenda ili m'mizu, kumene sipuleya siifika. N'chifukwa chake ndasanja nkhaniyi motsata zimene maso anu akuona, ndipo pansi pa chizindikiro chilichonse ndayamba ndi chomwe chimachitika kawirikawiri kuno kumtunda: ku Bembeke, Lizulu, Njolomole, Tsangano. Amene muli kuchigwa kotentha, monga ku Golomoti, Mtakataka kapena ku Bwanje, kwanuko kangaude ndi tintchentche toyera ndizo zimatsogola, chiwawu chimabwera pambuyo.

Musanagule kanthu, tengani mpeni wakuthwa, pepala loyera, tambula ya galasi yokhala ndi madzi oyera, ndi khasu. Lowani m'dimba m'mamawa mame asanaume. Tembenuzani tsamba, dulani tsinde, fukulani muzu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

## Mbande zikufa mu nazale kapena zitangowokeredwa

- Tsinde lawonda n'kuda pamene lakhudzana ndi dothi, mbande yagona. Madzi achuluka ndipo munafesa mothithikana. Thirirani m'mawa mokha, patulirani, ndipo udzu wophimbira uchoke mbewu zikangomera, pakati pa masiku 5 ndi 10. Nazale yotsatira ikhale yokwera, pamalo pomwe sipanalimidwe tomato, kachewere kapena fodya.
- Mbande yadulidwa pansi penipeni usiku. Ndi mbozi yotuwa yobisala m'dothi. Fukulani ndi chala mozungulira phandolo, muipeza itadzipinda. Pa kadimba ka mapando 30 chala chikukwanira, musagule botolo.
- Zafota tsiku lowokera osadzukanso. Munawokera dzuwa lili paliwombo, kapena mbandezo zinali zitakalamba. Wokerani madzulo, mbande za masabata 4 mpaka 6, ndi dothi lake lomwe. Sabata lomaliza mu nazale muzizimana madzi pang'ono ndi kuzichotsera mthunzi kuti zikhwime.
- Nsonga zonse zadyedwa. Nkhuku. Mangani mpanda.

## Masamba akupsa, ali ndi mawanga akuda kapena ofiirira

1. Chiwawu chothamanga

Kuno kumtunda uyu ndiye mdani woyamba, makamaka kuyambira Disembala mpaka Malichi, komanso masiku aliwonse amene chifunga chagona m'phiri osachoka mpaka masana. Nthendayi imakonda kuzizira ndi chinyezi, ndipo ndi yomweyo imene imapha kachewere. Ndi yomwe inawononga kachewere ku Ireland kuyambira mu 1845 mpaka anthu pafupifupi miliyoni imodzi anafa ndi njala. Ndiye ganizirani ife amene tazunguliridwa ndi minda ya kachewere kuchokera ku Bembeke mpaka ku Tsangano. Mphepo imainyamula kuchoka m'minda ija n'kuifikitsa kuseri kwa nyumba yanu, ngakhale inu musanalakwitse kalikonse.

Mmene mungaizindikirire:

- Mawanga ndi aakulu, amayamba ngati pathiridwa mafuta, kenako amada. Nthawi zambiri amayambira kunsonga kapena m'mphepete mwa tsamba.
- Kunsi kwa tsamba, m'malire mwa bangalo, m'mawa mumaoneka chuku choyera.
- Tsinde limakhala ndi zigamba zakuda, ndipo chipatso chosapsa chimachita chigamba chofiirira cholimba.
- Ngati mukukayika, ikani tsamba limodzi m'jumbo ndi kapepala konyowa, mangani, ligone usiku umodzi. Chuku choyera chikatuluka, n'chimenecho.

Chochita: masamba akauma mame, thyolani onse odwala, muwaponye m'jumbo pomwepo, mukawakwirire mozama kapena kuwatentha. Asapite pa kompositi. Lekani kuthirira pamwamba ndi kheni, madzi azipita patsinde. Mangirirani tomato ku timitengo ndipo chotsani mphukira zotuluka m'khwapa mwa masamba kuti mphepo izidutsa. Mapando atalikirane masentimita 60, mizere masentimita 90. Ambirife timapanikiza chifukwa malo ndi ochepa, koma mmera 12 wopuma bwino umabereka kuposa 30 wothinana.

Za mankhwala pali chinthu chimodzi chimene ogulitsa ambiri safotokoza. Mancozeb, amene ambiri timawadziwa kuti Dithane, komanso mankhwala a kopa, sachiritsa. Amangoteteza tsamba lomwe silinadwale, ndipo mvula yamphamvu imawatsuka. Amayenera kufika nthenda isanafike, n'kumabwerezedwa pafupifupi sabata lililonse nyengo ya chinyezi. Okhala ndi metalaxyl, monga Ridomil, amalowa mkati mwa mmera ndipo amathandiza nthenda ikangoyamba kumene, koma mukamawabwereza okhaokha chiwawu chimawazolowera. Tsinde likada ndipo theka la masamba lapita, zulani. Kupopera mmera woterowo ndi kuthirira mwala.

Maganizo anga ndi akuti pa kadimba ka pakhomo denga limaposa botolo. Mitengo inayi, pulasitiki yoyera pamwamba, m'mbali mosatseka: tsamba silinyowa, chiwawu chimasowa polowera. Amene simungathe zimenezi, m'dzinja bzalani phwetekere, tomato wa zipatso zing'onozing'ono uja, amene amapirira kuposa tomato wamkulu, ndipo wamkuluyo mufese kumapeto kwa mvula. Musaiwalenso kuzula kachewere wongodzimerera pafupi ndi dzala. Ndi mmene nthendayi imagonera kudikira chaka china.

2. Chiwawu cha mizere yozungulira

Ichi chimayenda pang'onopang'ono ndipo chimayambira masamba akale a pansi. Banga lake lili ndi mizere yozungulira ngati ya pa chitsa cha mtengo wodulidwa ndi sowo, ndipo m'mbali mwake mumachita chikasu. Chimakonda mmera wanjala umene walemedwa ndi zipatso, ndipo chimakwera ndi dothi lothovukira pa masamba. Phimbirani bedi ndi udzu wouma, chotsani masamba onse a pansi mpaka pa phava loyamba la zipatso, bwerezani feteleza. Dithane ndi kopa amagwiranso pano.

3. Tuta

Kwezani tsambalo kudzuwa. Ngati chigambacho chikuonekera ngati pepala, ndipo mkati mwake muli timanyi takuda kapena kambozi, si chiwawu ayi, ndi Tuta, mbozi ya kagulugufe imene imadya mkati mwa tsamba. Pitani ku gawo la zipatso zoboola.

4. Chisanu kapena mankhwala

Mu Juni ndi Julayi, m'malo otsika a kufupi ndi dambo, masamba a pamwamba amatha kuda onse usiku umodzi. Fundikani ndi masaka madzulo kukayera kumwamba. Ngati kupsako kwabwera tsiku lotsatira mutapopera, munachulutsa muyezo kapena munapopera dzuwa likuswa mtengo.

## Masamba achita chikasu, kapena timadontho, n'kumauma ngati adzimbiri

1. Kangaude wofiira

Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, uyu ndiye mwini dimba. Ndi wamng'ono ngati fumbi la tsabola. Gwedezani tsamba pamwamba pa pepala loyera lija: timadontho tofiira tikayamba kuyenda, mwamupeza. Akachuluka amaluka ukonde kunsonga, ndipo pofika apo mmerawo watha kale. Kukatentha amatenga masiku osakwana 10 kuchoka pa dzira kufika poikira mazira ake, n'chifukwa chake dimba looneka bwino Lamlungu lino limakhala mbuu Lamlungu linalo.

Cholakwika chomwe ndachiona kambirimbiri ndi kupopera cypermethrin. Mankhwala amenewa amapha tizilombo tomwe timadya kangaude, iye n'kutsala yekha osapikisana ndi aliyense. Munthu amabwerera kusitolo kukadandaula kuti anamugulitsa abodza, pamene anangopha alonda ake.

- Yambani ndi kuzula tomato wakale amene mwamaliza kuthyola. Kangaude amachokera kumeneko, komanso ku mabiringano, mnadzi ndi nthula.
- Bedi latsopano lisakhale kumene mphepo yochokera pa bedi lakale imalowera.
- Amakwera pa zovala. Bedi lodwala muzimalizira, osati kuyambira.
- Akadali ochepa, tsukani kunsi kwa masamba ndi madzi amphamvu, kapena madzi a sopo wamtanda wochepa. Inde, pamwambapa ndanena kuti tsamba lisanyowe, koma uko n'kudzinja. M'chilimwe, m'mawa, limauma msanga.
- Akachuluka, funsani abamectin kapena salufa. Kamwa ya sipuleya iloze kunsi kwa tsamba, ndipo mubwereze pakatha sabata chifukwa mazira amapulumuka. Salufa amawotcha masamba kukatentha kwambiri, ndiye apoperedwe madzulo.

2. Njala

Masamba a pansi akachita chikasu chofanana paliponse, popanda mawanga, ndipo mmera ukuwonda, ukufuna nayitirojeni. Thirani CAN, kachitsekero kamodzi ka botolo la zakumwa pa phando, motalikira tsinde ngati utali wa chala, kuyambira masabata atatu mutawokera, n'kumabwereza zipatso zikamakula. Masamba ofiirira kunsi nthawi yozizira asakuopseni. Dothi likazizira mizu imalephera kukoka fosifolasi, kukafunda zimatha zokha. Zikapanda kutha, ndiye kuti pobzala munalibe feteleza wokulitsa, monga D Compound, kapena manyowa okwanira.

3. Madzi ochuluka

Kumbani pang'ono. Dothi likamanunkha ndipo mizu yada, kwezani bedi ndi kutsegula ngalande. Madzi a kubafa ndi ochapira zovala, amene tomato wa kuseri amamwa tsiku ndi tsiku, sachita naye bwino pakapita nthawi. Sopo waufa amasiya mchere m'dothi.

4. Ufa woyera pa masamba

Zigamba zachikasu pamwamba, kaufa kotuwa kunsi, nyengo youma. Chotsani masamba odwala, poperani salufa.

## Mmera wafota pamene dothi ndi lonyowa

Pisani chala m'dothi kaye. Ngati ndi louma, kapena mmerawo ukuwerama masana okha n'kudzuka madzulo osasintha mtundu, ndi ludzu chabe. Phimbirani, thirirani mokwanira kawiri kapena katatu pa sabata m'malo mowaza pang'ono tsiku lililonse. Koma ngati dothi ndi lonyowa, muyenera kupereka nsembe mmera umodzi. Uzuleni ndi khasu, mizu yonse ituluke.

1. Mizu ili ndi zotupa ngati mikanda

Awa ndi manematodi, tinyongolotsi tosaoneka ndi maso. Zotupa zake sizili ngati timibulu ta pa mizu ya nyemba timene timachoka mukatipukuta, izi ndi muzu weniweniwo umene watupa. Amachuluka m'dothi lamchenga ndi pamalo pomwe pakhala pakubwerezedwa tomato, therere kapena fodya, ndipo kuseri kwa nyumba timabwereza ndithu, chifukwa malo ake ndi omwewo. Mmera wogwidwa suchira. Zulani ndi mizu yomwe, tenthani. Pamalopo bzalani chimanga kapena anyezi, thirani manyowa owola bwino ambiri. Pogula mbewu yang'anani chilembo N pa paketi. Tengeru 97, wochokera ku Tanzania, amapirira manematodi. Ngati mulibe malo ena, bzalani m'masaka ndi dothi lochokera kwina, ndipo sakalo likhale pa njerwa.

2. Wafota akadali wobiriwira, mwadzidzidzi

Dzulo anali bwino, lero ali zyoli, tsamba losachita chikasu n'komwe. Dulani kachidutswa ka tsinde pafupi ndi mizu, kalendeweretseni m'tambula ya madzi ija nsonga yokha itamira, ndipo musagwedeze. Pakatha mphindi zochepa mukaona timizere toyera ngati mkaka tikutsika m'madzimo, ndi kufota kwa mabakiteriya.

Nthenda imeneyi ilibe mankhwala. Aliyense wokugulitsani botolo loti lichiritse akungokudyerani ndalama. Imakhala m'dothi zaka zambiri, imayenda ndi madzi othamanga, khasu, mpeni wotheneramo, ndiponso kachewere. Makoko a kachewere wowola wa kumsika akatayidwa m'dimba atha kuibweretsa pakhomo. Zulani mmerawo ndi dothi lake, musaukokere pakati pa inzake. Mpeni uviikidwe m'madzi a Jik musanakhudze mmera wina. Pamalopo pasabwere tomato, kachewere, tsabola, mabiringano kapena fodya kwa zaka zosachepera zitatu kapena zinayi. Mtundu wa Rodade umapirirako, koma kupirira si kusadwala.

3. Chikasu chayamba mbali imodzi

Mbali imodzi ya mmera, nthawi zina mbali imodzi ya tsamba lomwe, yachita chikasu, ndipo mukang'amba tsinde mkati muli mizere yofiirira, koma m'tambula simukutsika kanthu. Iyi ndi fusariyamu. Nayonso ndi ya m'dothi ndipo siichira. Chilembo F pa paketi, ngati cha pa Roma VF, chikutanthauza kuti mtunduwo umalimbana nayo.

4. Mizu yadyedwa

Chiswe kapena mfuko. Chiswe chimakopeka ndi mapesi ndi manyowa osawola okhudza tsinde, choncho zophimbira zizisiya kampata mozungulira.

## Masamba akupiringizika kapena kukwinyika

- A pansi okha apindikira m'mwamba, ali obiriwira ndi okhuthala. Si nthenda. Zimachitika mukathena kwambiri kapena kukatentha. Asiyeni.
- Kunsi kuli nsabwe, tsamba likumata, nyerere zikukwera ndi kutsika. Madzi a sopo kapena a masamba a nimu, masiku angapo motsatizana. Ombwe amagwiranso, koma madzi ake asafike mumtsinje kapena padamu, amapha nsomba.
- Masamba a kunsonga ndi ang'onoang'ono, apindika ngati supuni, m'mphepete muli chikasu, mmera wapinimbira. Gwedezani: tintchentche toyera tikauluka, ndi vayirasi yomwe timafalitsa. Wogwidwa akadali wamng'ono sabereka, zulani. Tetezani nazale ndi neti, popeza matendawa amapweteka kwambiri akalowa mbande zikadali zanthete.
- Tsamba lili ndi mawangamawanga obiriwira kwambiri ndi otumbuluka. Vayirasi ina yoyenda ndi manja, zida ndi mbewu. Wogwira fodya, kaya wosuta, wofwenkha kapena wosankha m'chigafa, asambe m'manja ndi sopo asanakhudze tomato.
- Nsonga zapotoka ngati chingwe. Funsani ngati sipuleya munabwerekayo inapoperapo mankhwala opha udzu. Tomato amamva ngakhale kadontho kotsalira. Inenso zinandionekera chaka china, bedi lathunthu, chifukwa chochita manyazi kufunsa mwini sipuleya.

## Maluwa akuyoyoka osasiya chipatso

Kuno choyamba ndi kuzizira. Usiku kukamazizira mpaka kuchepera madigiri 13, monga zimakhalira mu Juni ndi Julayi, duwa silimanga bwino, ndipo zipatso zochepa zomwe zimagwira zimatuluka zokhotakhota. Kuchigwa ndi kutentha kwa mu Okutobala, masana akadutsa madigiri 32. Zonsezi zimatha nyengo ikasintha, palibe chogula.

Chachiwiri ndi kudyetsa mopyola. Mmera wobiriwira bii, tsinde ngati chala chachikulu, masamba ngati a fodya, koma zipatso ziwiri: mwachulutsa yuriya kapena zitosi za nkhuku zosawola. Lekani kuthira, thenani mphukira. Kenako onani mthunzi. Tomato amafuna dzuwa la maola osachepera 6, ndipo kuseri kwa nyumba zambiri kuli mpanda mbali ina, mtengo wa mapichesi kapena wa mapeyala mbali inayo. Amene mwamanga denga la pulasitiki, muzigwedeza timitengo pang'ono cha m'ma 10 koloko m'mawa kuti mungu ugwe, chifukwa mphepo siifika mokwanira.

Palinso nkhani ya mbewu. Njere zofinyidwa mu tomato wokongola wa pamsika zimakhumudwitsa ngati anali wa haibulidi, wolembedwa F1 pa paketi, popeza ana ake satengera kholo. Ofuna kusunga mbewu asankhe mitundu ngati Tengeru 97, Tanya, Rodade kapena Money Maker, ndipo atenge pa mmera wosadwala.

## Zipatso zikuwonongeka

Zikuda ndi kuphwa kumatako

Chigamba chakuda, chouma, cholowa mkati, kunsi kwa chipatso kumene kunali duwa. Anthu amapopera Dithane mpaka chipatso kuyera, koma iyi si nthenda yopatsirana. Chipatsocho chinasowa kashiyamu chikukula, ndipo kawirikawiri si chifukwa chakuti m'dothi mulibe, koma chifukwa madzi omunyamula amabwera mwa apo ndi apo. Lero mwathirira mpaka kudikha, kenako mpopi wauma masiku anayi. Mitundu yazipatso zazitali ngati Roma ndiyo imavutika kwambiri, makamaka phava loyamba, komanso tomato wa m'masaka amene dothi lake limauma msanga. Thyolani zowonongekazo, phimbirani, khalani ndi masiku okhazikika othirira, gwiritsani CAN m'malo mwa yuriya, ndipo musapalire mozama pafupi ndi tsinde. Zikamba za mazira n'zabwino pa kompositi, koma sizisungunuka msanga moti n'kupulumutsa zipatso za mwezi uno.

Zaboola

Bowo lalikulu, mbozi mutu uli mkati thupi lili kunja: ndi yomwe ija ya thonje, nandolo ndi zisononkho za chimanga chachiwisi. Tolani ndi manja madzulo.

Timabowo tating'ono ngati ta singano, makamaka pansi pa kachipewa kobiriwira ka chipatso, pamodzi ndi masamba oonekera aja: ndi Tuta. Kagulugufe kameneka kwawo ndi ku South America, kanafika ku Spain mu 2006, ku Tanzania mu 2014, ndipo pano kali paliponse pamene pali tomato. Kakakazi kamodzi kamatha kuikira mazira oposa 200, ndipo kukafunda mbadwo watsopano umatuluka pafupifupi mwezi uliwonse. Chovuta n'chakuti mbozi yake imadya ili mkati mwa tsamba, mankhwala ongokhudza kunja saipeza.

- Kawiri pa sabata, finyani timbozi m'masamba ndi zala, ndipo masamba ogwidwa kwambiri achoke.
- Zipatso zoboola musazitaye pansi. Zitsekereni m'jumbo yakuda padzuwa masiku angapo.
- Mukamaliza kukolola, zulani zonse ndi kutentha tsiku lomwelo, ndipo papite masabata angapo musanabzalenso.
- Mankhwala okhala ndi emamectin benzoate, spinosad kapena chlorantraniliprole ndi amene amagwira, koma Tuta amazolowera msanga. Musabwereze gulu limodzi mwezi ndi mwezi. Kusintha dzina la pa botolo sikokwanira, werengani dzina la mankhwala enieni olembedwa m'munsi mwake.

Zikung'ambika. Madzi ambiri pambuyo pa chilala. Mvula ikamawopseza, thyolani zonse zomwe zayamba kusintha mtundu, zikapsere m'nyumba.

Chigamba choyera cholimba mbali yoloza dzuwa. Mwachotsa masamba ambiri, kapena chiwawu chawachotsa. Siyani masamba ophimba phava lililonse.

Zakupsa zokha n'zimene zajomphedwa. Mbalame masana, makoswe usiku. Thyolani msanga.

## Mwapopera koma palibe chasintha

- Nthenda yake si imeneyo. Bwererani ku pepala, tambula ndi khasu.
- Munapopera pamwamba pokha, pamene kangaude, nsabwe ndi chuku zili kunsi.
- Muyezo unali wongoganizira. Supuni ya kukhitchini si muyezo, ndipo ikalowa m'mankhwala isabwererenso kukhitchini.
- Mvula inagwa mankhwala asanaume.
- Munasungunulira m'madzi amatope, kapena munasunga osungunula kale mpaka mawa lake.
- Munagula a m'kabotolo kopanda chizindikiro, othiridwa pamsika. Mankhwala ovomerezeka m'dziko muno amalembetsedwa ku Pesticides Control Board, ndipo amabwera m'botolo lake lotseka, lolembedwa muyezo, tsiku lothera mphamvu ndi masiku odikira musanathyole.

Masiku odikirawo musawapeputse. Tomato wa pakhomo amathyoledwa ndi mwana wotumidwa ndiwo zili pamoto, ndipo mwanayo sadziwa kuti munapopera dzulo. Thyolani zakupsa zonse musanapopere, mangani kansalu kofiira pa bedi, ndipo uzani onse a m'nyumba tsiku lodzayambanso kuthyola. Mankhwala a thonje, a fodya kapena a m'dibi la ng'ombe asayandikire tomato.

## Apa lekani, itanani alangizi

Pitani ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu, kapena ku chipatala cha mbewu ngati chimakhalapo pa tsiku la msika, zikafika potere:

- M'tambula mwatsika timizere toyera tija, makamaka ngati inu kapena oyandikana nanu mumalimanso kachewere kapena mumatunga pa chitsime chimodzi chothiririra.
- Mmera woposa umodzi mwa inayi iliyonse wafa m'sabata limodzi ndipo chizindikiro sichikufanana ndi zomwe zili pamwambazi.
- Mwapopera kawiri motsata malangizo a pa botolo, tizilombo tikadalipo.
- Vuto lomwelo labwera nyengo zitatu zotsatizana pamalo amodzi. Pamenepo dothi liyenera kuyezedwa. Musathire laimu mongomva kwa anzanu.
- Mukuganiza kuti mankhwala opha udzu a m'munda woyandikana ndiwo apotola tomato wanu. Alangizi aone kaye musanakayambane ndi mnansi.

Popita, nyamulani mmera wathunthu ndi mizu yake, umene wadwala koma sunaferetu, mutaukulunga m'nyuzipepala. Wouma kale suuza munthu kanthu. Tengani botolo kapena paketi ya chilichonse chomwe mwathira, ndipo kumbukirani dzina la mbewu, tsiku lomwe munawokera, ndi zomwe zinalimidwa pamalopo zaka ziwiri zapitazo. Ngati mukutumiza zithunzi pa WhatsApp, jambulani mmera wonse, kunsi kwa tsamba, tsinde long'ambidwa ndi mizu yotsukidwa.

Koma wina akayamba kumva mutu, chizungulire, nseru, thukuta lambiri, malovu osaleka, maso kuona mwachimbuuzi kapena kubanika atapopera, imeneyo si nkhani ya alangizi. Mutulutseni m'dimba, avule zovalazo, asambe ndi sopo ndi madzi ambiri, ndipo mupite naye kuchipatala nthawi yomweyo mutanyamula botolo la mankhwalawo kuti adokotala awerenge dzina lake. Ngati wamwa, kaya ndi mwana kaya wamkulu, musamusanzitse ndipo musataye nthawi ndi mkaka kapena mafuta ophikira. Pezani njinga yamoto kapena galimoto, botolo lili m'manja.